Gogo Monica: Zaka 17 za misozi ndi maondo

Lamulungu lililonse m'mawa, m'tinjira tolowera ku Kasiya, ku Nsaru kapena ku Nambuma mumakhala agogo ovala zitenje za mpingo, korona m'khosi kapena buku la nyimbo m'manja, kamdzukulu kakuthamanga pambuyo. Munthu akafunsa komwe kuli bambo wa mwanayo, yankho limakhala lodziwika kale: ali ku Lilongwe, ali ku Joni, kapena ali pamudzi pomwepo koma za tchalitchi adaleka kalekale.

Ambiri mwa agogowa dzina la Monica amalidziwa, ndipo ena ndi dzina lawo la ubatizo. Koma si onse amadziwa kuti mwini dzinali adali mayi wa mu Africa momwemuno, yemwe adasenza mtolo wonga wawo zaka zoposa 1,600 zapitazo. Adali ndi mwamuna wovuta, mwana wanzeru koma wosamva, ndi mdzukulu wobadwira m'banja longolowana.

Mpingo wa Katolika umakumbukira Monica Woyera pa 27 Ogasiti, ndipo mmawa mwake, pa 28, umakumbukira mwana wawo Augustine, mmodzi mwa aphunzitsi akuluakulu a chikhristu. Pafupifupi zonse zodziwika za mayiwa zidachokera kwa mwanayo, makamaka m'buku lake lotchedwa Confessions lomwe adayamba kulemba cha m'ma 397, patatha zaka 10 chimwalirireni mayi ake. M'bukumo adawatamanda kwambiri, komabe zofooka zawo sadabise.

Mtsikana wa ku Thagaste

Monica adabadwa cha m'ma 331 m'tauni yaing'ono ya Thagaste, yomwe lero imatchedwa Souk Ahras, kumvuma kwa dziko la Algeria. Nthawiyo kumpoto konse kwa Africa kudali pansi pa ulamuliro wa Aroma. Thagaste idali kumapiri, kutali ndi nyanja, m'dera la alimi a tirigu ndi maolivi.

Makolo ake adali akhristu, koma yemwe adamulera kwenikweni ndi gogo wina wantchito wapakhomopo. Gogoyu adali atakhalitsa m'banjamo moti adaberekapo kumsana bambo ake a Monica ali khanda. Adali wamwambo wouma. Atsikana sankawalola kumwa ngakhale madzi nthawi ya chakudya isadakwane, chifukwa ankaona kuti wolephera kudziletsa pa madzi adzalepheranso pa vinyo akadzakhala ndi nyumba yakeyake.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Monica atasinkhuka, makolo ankamutuma kukatunga vinyo mumgolo. Adayamba n'kungolawa ndi nsonga ya milomo, tsiku ndi tsiku n'kumaonjezera, mpaka adafika pogugudiza pafupifupi chikho chodzaza. Tsiku lina atakangana ndi mtsikana wantchito yemwe ankapita naye kumgoloko, mnzakeyo adamutcha chidakwa. Mawuwo adamulasa mtima ndipo adasiyira pomwepo. Nkhaniyi adaifotokoza yekha kwa mwana wake atakula.

Banja ndi Patricius

Atafika msinkhu, makolo adamupereka kwa Patricius, mmodzi mwa makhansala a tauniyo, munthu wa minda yochepa yemwe sadali mkhristu. Patricius adali wokoma mtima akasangalala, koma wamtima wapachala ndiponso woyendayenda ndi akazi ena.

Mayi Monica adapeza njira yawo yokhalira naye. Mwamunayo akapsa mtima sankamuyankha. Ankadikira kuti mtima ugwe pansi, kenako n'kumufotokozera bwinobwino pomwe iye walakwitsa. Amayi anzawo, omwe ena ankayenda ndi zipsera kumaso, ankadabwa kuti zikutheka bwanji kuti munthu waukali ngati Patricius asakwezepo dzanja pa mkazi wake.

Mbali iyi ya mbiri yawo imafuna kuimva mosamala. Masiku amenewo mkazi womenyedwa adalibe kothawira. Ku Malawi lero kuli ankhoswe, mafumu, apolisi komanso lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa m'chaka cha 2006. Chotengapo pa mayi Monica ndi luso lawo lodziwa nthawi yolankhula, osati kupirira zibakera.

Vuto lina lidali apongozi awo aakazi, omwe poyamba adawada chifukwa cha miseche ya antchito apakhomo. Mayi Monica sadabwezere. Adapitiriza kuwalemekeza mpaka apongoziwo adazindikira okha komwe kunkachokera moto, n'kukaneneza antchitowo kwa mwana wawo. Kuyambira pamenepo awiriwa adakhala mogwirizana. M'tauni monse mayiwa ankadziwika kuti amayi awiri odana akawakhuthulira zakukhosi, iwo sankanyamula mawu oipa kupita nawo kwa winayo. Ankangopereka okhawo othandiza kuyanjana.

Kudekha kwawo kudabala zipatso mochedwa. Patricius adabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira cha m'ma 371. Mayi Monica adakhala wamasiye ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo sadakwatiwenso.

Mwana wanzeru, mwana wovuta

Ana awo odziwika adalipo atatu: Augustine, yemwe adabadwa pa 13 Novembala 354, mchimwene wake Navigius, ndi mlongo wawo yemwe atamwalira mwamuna wake adadzatsogolera nyumba ya asisitere ku Hippo.

Augustine adali wanzeru kusukulu, ndipo makolo onse awiri adaika chiyembekezo chawo pa iye. Adamutumiza kukaphunzira ku Madaura, tauni yoyandikana nayo, koma ali ndi zaka 16 fizi idavuta ndipo adakhala pakhomo chaka chathunthu. Chaka chimenecho ndicho adalowerera ndi anzake oipa. Mayi ake ankamuchenjeza za chiwerewere, makamaka za akazi a eni, koma iye ankangoti ndi malangizo achizimayi. Ngakhale ankaona ngoziyo, mayi Monica sadafune kuti akwatire msanga poopa kuti banja limusokoneza sukulu.

Munthu wina wolemera wa m'tauniyo, Romanianus, adathandizapo ndalama ndipo Augustine adapita ku Carthage, mzinda waukulu wa m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi pomwe pali Tunis lero. Kumeneko adaphunzira luso lolankhula pagulu, lomwe nthawiyo lidali khomo lolowera ku ntchito zapamwamba za boma.

Kuchokera ku Carthage kudabwera nkhani ziwiri zowawa. Yoyamba idali yoti mnyamatayo walowana ndi mtsikana wina popanda ukwati, ndipo cha m'ma 372 padabadwa mwana wamwamuna. Adamutcha Adeodatus, dzina lotanthauza wopatsidwa ndi Mulungu, longa la Mphatso kuno kwathu ku Malawi. Umu ndi momwe mayi Monica adakhalira gogo.

Yachiwiri ndiyo idawasautsa koposa. Augustine adalowa kagulu kotsatira chiphunzitso cha Mani, mneneri wa mu ufumu wa Persia, yemwe ankaphunzitsa kuti zabwino ndi zoipa ndi mphamvu ziwiri zosatha zomwe zikulimbana. Anthu a kaguluka ankanyoza Chipangano Chakale. Augustine adakhalamo zaka 9 ndipo ankakopa anzake kuti alowe nawo.

Atabwerera ku Thagaste kudzaphunzitsa, mayi ake adamukaniza kukhala m'nyumba mwawo ndi kudya nawo pamodzi. Chidasintha mtima wawo ndi loto. Adalota ataima pa thabwa loyezera, akulira, ndipo mnyamata wina wowala adawauza kuti ayang'ane pambali. Atayang'ana adaona mwana wawo ataima pa thabwa lomwelo. Atamufotokozera lotoli, Augustine adayesa kulipotoza kuti likutanthauza kuti mayiwo ndiwo adzamutsatira ku chipembedzo chake, koma iwo adakana nthawi yomweyo. Chitseko adamutsekulira, ndipo nkhondoyo adaisamutsira m'mapemphero.

Adapitanso kwa episkopi wina, yemwe naye adakulira m'kagulu komweko, kukamupempha kuti akambirane ndi mnyamatayo. Episkopiyo adakana ponena kuti mwanayo akadali wodzimva ndipo sangamve za munthu, koma adzazindikira yekha powerenga. Mayiwo adaumirira akulira mpaka episkopiyo adatopa nawo n'kuwabweza ndi mawu oti misozi yochuluka chotere siingapite pachabe. Mawuwo adawasunga moyo wawo wonse.

Adawathawa usiku

M'chaka cha 383 Augustine, yemwe nthawiyo ankaphunzitsa ku Carthage, adaganiza zopita ku Rome chifukwa chotopa ndi ophunzira osokoneza. Mayi ake adamutsatira mpaka padoko, kumuchonderera kuti asapite kapena awatenge. Iye adawanamiza kuti akungoperekeza mnzake yemwe akudikira mphepo yabwino, n'kuwanyengerera kuti akagone m'kachalitchi kokumbukira Cyprian Woyera pafupi ndi dokolo. Usiku womwewo sitima idanyamuka. Kutacha mayiwo adangopeza nyanja ili mbee.

Amayi omwe mwana wawo adakwera basi ya ku Joni osatsazika akudziwa ululu wake. Mayi Monica adalira, adadandaula za chinyengo cha mwanayo, kenako adabwerera kwawo ndi kupitiriza kumupempherera. Kutchalitchi ankapita kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo sankaphonya kupereka mtulo wawo ku guwa.

Ku Rome Augustine adadwala mwakayakaya, ndipo atachira adapeza kuti ophunzira akumeneko amathawa ndi fizi. M'chaka cha 384 adapeza ntchito yapamwamba yophunzitsa ku Milan, mzinda womwe nthawiyo kunkakhala mfumu yaikulu ya Aroma. Chaka chotsatira mayi Monica, ali ndi zaka zoposa 50, adaoloka nyanja ya Mediterranean kumutsatira. Panyanja adakumana ndi namondwe, ndipo m'malo moti amalinyero alimbikitse apaulendo, mayiwa ndiwo ankalimbikitsa amalinyerowo.

Ku Milan adapeza kuti mwana wawo wasiya za Mani, ngakhale adali asadakhale mkhristu, ndipo ankapita kukamvera maulaliki a episkopi wa mzindawo, Ambrose. Poyamba ankangopitira luso la kalankhulidwe, koma pang'ono ndi pang'ono mfundo zake zidayamba kumulowa.

Kwa eni kulibe mkuwe. Kwawo ku Africa mayi Monica adazolowera kunyamula dengu la phala, buledi ndi vinyo kupita nazo kumanda a anthu ofera chikhulupiriro. Atayesa kutero ku Milan, mlonda wapakhomo adawabweza chifukwa Ambrose adaletsa mwambowo poona kuti ena ankaledzererako. Mwana wawo adadabwa kuona kuti amvera mosanyinyirika. Adavutikanso mumtima pa za kusala kudya Loweruka, komwe kwawo kunkachitika koma ku Milan ayi. Ambrose adawalangiza kuti azitsata mwambo wa mpingo wa komwe ali.

M'chaka cha 386 Justina, mayi wa mfumu yachinyamata Valentinian II, adafuna kulanda tchalitchi china kuti achipereke kwa gulu lokana kuti Khristu ndi wofanana ndi Atate. Ambrose adakana, ndipo akhristu adadzitsekera m'tchalitchimo usana ndi usiku asilikali atazungulira panja. Pofuna kuti anthu asafooke, adayamba kuimba masalimo ndi nyimbo. Gogo wa ku Thagaste adali mmodzi mwa otsogola m'chigonerocho.

Mayi yemwe dzina lake lidatayika

Pali mbali ina ya mbiriyi yomwe siikoma kuimva. Augustine adakhala ndi mayi wa Adeodatus zaka pafupifupi 15, mokhulupirika. Akatswiri a mbiri yakale amaganiza kuti mayiyu adali wa banja losauka, losayenera munthu wofuna udindo m'boma. Mayi Monica ndiwo adalimbikira kwambiri kuti mwana wawo apeze ukwati wovomerezeka, poganiza kuti akakhazikika adzabatizidwa. Adapezeka mtsikana wa banja lapamwamba, koma adali wamng'ono moti padafunika kudikira zaka ziwiri.

Kuti chitomerocho chiyende, mayi wa Adeodatus adayenera kuchoka. Adabwerera ku Africa yekha, atalumbira kuti sadzakhalanso ndi mwamuna wina, ndipo mwana wake adamusiya ku Milan. Augustine adavomereza kuti bala la kusiyanaku silidapole msanga, ndipo polephera kudikira adatenganso mkazi wina wongoyembekezera. Ukwati womwe udachotsetsa mayiyo sudachitike n'komwe. M'mabuku ake onse Augustine sadalembe dzina la mayiyu.

Nkhani yotere si yachilendo m'midzi, pomwe achibale a mwamuna amalandira mdzukulu ndi manja awiri koma mayi wake n'kumusonyeza msewu. Ngakhale mayi wopemphera ngati Monica adaika tsogolo la mwana wawo patsogolo pa misozi ya mwana wa mnzawo.

Gogo ndi mdzukulu

Mu Ogasiti 386, ali m'munda wa nyumba yomwe ankakhala ku Milan, Augustine adawerenga ndime ina ya kalata ya Paulo kwa Aroma ndipo kukayika kwake kudathera pomwepo. Nthawi yomweyo adapita kukauza mayi ake. Adasiya ntchito, adasiya za ukwati, ndipo banja lonse lidapita kukapuma ku Cassiciacum, kumudzi kwa mnzake wotchedwa Verecundus.

Miyezi imeneyo ndiyo ikuoneka kuti idali yokoma koposa pa moyo wa gogo Monica. Adali ndi ana awo aamuna onse awiri, mdzukulu wawo, achibale ena ndi ophunzira angapo. Iwo ndiwo ankayendetsa zapakhomo ndi kuitana anthu kuchakudya, koma ankakhalanso nawo pa zokambirana za anthu ophunzirawo ngakhale sadapite patali ndi sukulu.

Pa 13 Novembala 386, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Augustine, gululi lidakambirana za chomwe chimapangitsa munthu kukhala wodala. Gogo Monica adapereka mfundo yoti kupeza zomwe ukufuna si dalitso ngati zomwe ukufunazo zili zoipa, ndipo mwana wawo adati mayi ake afika pomwe akatswiri a nzeru zakuya amafika. Atafunsana kuti ndani ali ndi Mulungu, aliyense adayankha zake, ndipo womaliza adali wamng'ono pa onse, Adeodatus, yemwe adaloza ku kuyera kwa mtima. Zolembedwa za tsikulo zikusonyeza kuti gogoyo adayamikira mayankho onse, koma la mdzukulu wawo ndilo lidawakomera koposa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku wa Pasaka, pa 24 kuchera pa 25 Epulo 387, Ambrose adabatiza Augustine, mnzake Alypius ndi Adeodatus, yemwe adali ndi zaka pafupifupi 15. Patatha zaka ngati 17 chiyambire mavuto a mwana wawo, gogo Monica adaona mwana ndi mdzukulu akulowa mumpingo usiku umodzi.

Maliro a kuchilendo

Banjali lidaganiza zobwerera ku Africa. Lidafika ku Ostia, doko la mzinda wa Rome pomwe mtsinje wa Tiber umathirira m'nyanja, n'kumapuma podikira sitima. Tsiku lina mayi ndi mwana adatsamira pawindo loyang'ana kumunda n'kucheza nthawi yaitali za moyo wosatha. Pamapeto pake mayiwo adauza mwanayo kuti chomwe ankakhalira ndi moyo chatheka, ndipo sakuonanso china chowasunga pansi pano.

Patangotha masiku ngati asanu adagwidwa ndi malungo aakulu. Kwa zaka zambiri adali atakonzeratu manda awo ku Thagaste pambali pa mwamuna wawo, ndipo Navigius adadandaula kuti mayi ake afera kuchilendo. Iwo adamudzudzula ndi maso, n'kuuza ana awo kuti thupi aliike paliponse popanda kuvutika nalo. Pempho lawo lidali limodzi lokha, loti aziwakumbukira pa guwa la Ambuye kulikonse komwe angakhale.

Adamwalira pa tsiku la 9 la matendawo, m'chaka cha 387, ali ndi zaka 56. Augustine adawatseka maso n'kudzigwira kuti asalire. Yemwe adalephera kudzigwira ndi Adeodatus, yemwe adalira mokweza mpaka akuluakulu adachita kumutonthoza. Mnyamatayu adali atasiyana kale ndi mayi ake omubereka, ndipo tsopano gogo yemwe adatsala naye adapitanso. Bambo ake adakalirira kuchipinda ali okha mwambo wa maliro utatha.

Adeodatus sadakhalitse. Adabwerera ku Thagaste ndi bambo ake m'chaka cha 388 ndipo adamwalira pasadathe zaka zambiri, asadakwanitse zaka 20. Augustine adadzozedwa unsembe ku Hippo, komwe lero ndi Annaba, m'chaka cha 391, kenako adakhala episkopi wa mzindawo mpaka imfa yake pa 28 Ogasiti 430. Mabuku ake amawerengedwa ndi Akatolika ndi Apulotesitanti omwe. Martin Luther adali wa chipani chotchedwa ndi dzina lake, ndipo John Calvin, yemwe mpingo wa CCAP umatsata chiphunzitso chake, adatsamira kwambiri pa zolemba zake. Papa Leo XIV, yemwe adasankhidwa pa 8 Meyi 2025, ndi wa chipani chomwecho cha Augustine Woyera.

Mafupa a gogo Monica adakhala ku Ostia mpaka m'chaka cha 1430 pomwe Papa Martin V adalamula kuti awasamutsire ku Rome, ndipo lero ali m'tchalitchi cha Sant'Agostino. M'chaka cha 1945 anyamata awiri a ku Ostia, pokumba dzenje loti azikemo mtengo wa golo la mpira, adafukula chidutswa cha mwala wakale wa pamanda awo.

Dziko lomwe adabadwira lili ndi ubale ndi chigawo chapakati cha Malawi. Chipani cha White Fathers adachiyambitsa ndi Charles Lavigerie, arkiepiskopi wa Algiers ku Algeria, m'chaka cha 1868, ndipo mkanjo woyera womwe udawapatsa dzina adatengera kavalidwe ka anthu akumeneko. Ansembe amenewa ndiwo adatsekula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, ya Kachebere m'chaka cha 1903, ndipo pambuyo pake ya Nambuma.

Choncho pa 27 Ogasiti, wansembe akatchula dzina la Monica pa guwa ku Nambuma kapena ku Namitete, amakhala akukwaniritsa pempho lomwe gogo wa ku Thagaste adasiyira ana ake ali gone ku Ostia. M'mabenchi mumakhala agogo ena, mdzukulu ali pambali, omwe nawo akadadikira mwana wawo.